Achule a John Gurdon: Kodi Ntchito ya Wasayansi Imayezedwa Bwanji?

(NYIMBO YOTSEGULIRA, KENAKO ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA:  

Mphunzitsi wa pa yunivesite akafuna kukwezedwa pantchito, kapena akapempha ndalama zochitira kafukufuku, masiku ano pali mafunso awiri amene sangawazembe. Loyamba, mwasindikiza mapepala angati? Lachiwiri, mapepala anuwo anzanu awatchula kangati? Mayankho ake ndi manambala, ndipo manambalawo amatha kukweza munthu kapena kumusiya pomwepo zaka zambiri. Lero tiyesa manambala amenewa pa moyo wa munthu mmodzi, Sir John Gurdon wa ku Britain, katswiri wa maselo ndi kakulidwe ka zamoyo, amene anagwira ntchito moyo wake wonse ndi chule wochokera kuno ku Africa.

Tiyambe tamvana pa mawu akuti pepala. Wasayansi akamaliza kafukufuku amalemba lipoti: funso linali lotani, anachita chiyani, anapeza chiyani. Lipotilo amalitumiza ku magazini ya sayansi, akonzi ake amalipereka kwa akatswiri ena awiri kapena atatu kuti alifufuze zolakwika, ndipo likadutsa pamenepo limasindikizidwa. Limenelo ndilo pepala. Kumapeto kwa pepala lililonse kumakhala mndandanda wa mapepala a anthu ena amene wolembayo watsamirapo. Dzina lanu likapezeka pa mndandanda wa mnzanu, ndiye kuti mwatchulidwa kamodzi. Akakutchulani anthu 100, nambala yanu ndi 100. Basi, nkhani yake ndi yomweyo.

Tsopano tipite ku funso limene linavutitsa a Gurdon.

Aliyense wa ife anayamba ngati selo limodzi, dzira la mayi litakumana ndi mbewu ya bambo. Selolo linagawikana kukhala awiri, awiri kukhala anayi, mpaka thupi lonse. Koma maselo a m'thupi safanana. La khungu ndi lina, la m'matumbo ndi lina, la mu ubongo lili ndi nthambi zake zazitali. Ndipo selo la khungu likagawikana limabala la khungu lokhalokha, silisokera n'kubala la mtima. Pakati pa selo pali kachipinda kotchedwa nyukiliyasi, mmene mumasungidwa DNA, ndipo mu DNA ndimo muli majini, malangizo a chibadwa amene amauza selo zochita.

Taganizirani buku la nyimbo kutchalitchi. Aliyense wanyamula buku lathunthu, koma wotsogolera akatchula nambala, onse amatsegula tsamba limodzi, masamba enawo amakhala otseka. Funso la asayansi linali ili: selo likasanduka la m'matumbo, kodi masamba enawo limangowatseka, kapena limawang'amba n'kuwataya? Ngati limang'amba, ndiye kuti palibe kubwerera m'mbuyo. Ngati limangotseka, ndiye kuti selo la m'matumbo likadali ndi malangizo onse opangira maso, miyendo, mtima, chamoyo chathunthu.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, August Weismann wa ku Germany ankaphunzitsa kuti maselo amataya mbali ya malangizowo akamakula. Mu 1952, Robert Briggs ndi Thomas King a ku Philadelphia ku America anapeza njira yoyesera maganizo amenewa. Anachotsa nyukiliyasi m'dzira la chule, n'kulowetsamo ina yochokera m'selo la mluza wa chule, ndiye kuti kamwana kongoyamba kumene kuumbika. Mazira ena anakula mpaka kukhala mbululu. Koma atatenga nyukiliyasi m'miluza yokulirapo, zinthu zinayamba kukanika. Mapeto ake, asayansi ambiri anakhulupirira kuti selo likakhwima, nyukiliyasi yake imasintha mosabwereranso. Briggs ndi King anali anthu aluso ndi olemekezeka, ndipo panalibe chifukwa chowakayikira.

John Gurdon anabadwa mu 1933. Ali ndi zaka 15 ankaphunzira pa Eton, sukulu yotchuka ya ana a anthu olemera ku England, ndipo pa phunziro la bayoloje anakhala womalizira pa anyamata 250. Mphunzitsi wake analemba pa lipoti la sukulu kuti maganizo a mnyamatayo ofuna kudzakhala wasayansi ndi oseketsa, kuti samva zomuuza, ndipo kumuphunzitsa sayansi n'kutaya nthawi. Anamuchotsa ku sayansi n'kumupatsa Chilatini ndi Chigiriki. Atafika ku yunivesite ya Oxford ndi pamene anapeza mpata wobwerera ku maphunziro a zinyama. Lipoti lija analisunga, ndipo atakula analiika m'felemu mu ofesi yake. Nkhani imeneyi anthu amaikonda kwambiri, koma ndikuchenjezeni ana asukulu amene mukumvetsera: kukhala womalizira m'kalasi si chizindikiro cha mphoto ya Nobel. Ambiri amene amalephera bayoloje amangolephera basi.

Mu 1956 a Gurdon anayamba kafukufuku wa digiri ya udokotala pansi pa Michael Fischberg ku Oxford komweko. Fischberg anawapatsa ntchito yobwereza zimene Briggs ndi King anachita, koma ndi chule wina, wotchedwa Xenopus laevis.

Chule ameneyu kwawo ndi kum'mwera kwa Africa kuno, ndipo achule a mtundu wa Xenopus amapezeka m'maiwe ndi m'madambo a ku Malawi, Zambia, Mozambique ndi Zimbabwe. Ndi wophwatalala, woterera kwambiri, amakhala m'madzi pafupifupi nthawi zonse, ndipo ku zala zitatu za mwendo uliwonse wakumbuyo ali ndi tizikhadabo takuda. Anafika bwanji ku Oxford? Cha m'ma 1930, asayansi a ku Cape Town anazindikira kuti chule wamkazi wa mtunduwu akamubaya jakisoni wa mkodzo wa mayi woyembekezera, amaikira mazira pasanathe tsiku. Kwa zaka zambiri, zipatala za ku Ulaya ndi ku America zinkayeza mimba pogwiritsa ntchito chule ameneyu, ndipo achule ambirimbiri anatumizidwa kunja kuchokera ku South Africa. Kwa wofufuza za kakulidwe ka zamoyo, ameneyu anali mwayi waukulu. Chule wa Briggs ndi King ankaikira mazira pa nyengo yake yokha. Xenopus ukamubaya mankhwala oyenera amaikira mwezi uliwonse wa chaka, mazira mazanamazana.

Tiyeni tilowe mu labotale tione ntchitoyo pafupi.

Dzira la Xenopus ndi lalikulu kungopitirira pang'ono milimita imodzi, kumwamba kwake kodera, kunsi koyererako, ndipo lakutidwa ndi zonanda zolimba zimene singano imavutika kuboola. A Gurdon ankaliwalitsa ndi kuwala kwa ultraviolet. Kuwalako kunkagwira ntchito ziwiri: kuononga DNA ya dziralo, imene imakhala pafupi ndi pamwamba, ndi kufewetsa zonanda zija. Kenako ankatenga mbululu imene yayamba kale kudya yokha, n'kuchotsa kachidutswa ka matumbo ake, n'kulekanitsa maselo. Chida chawo chinali kapaipi kagalasi kokokedwa pamoto mpaka nsonga yake kuonda kuposa tsitsi. Kukula kwa bowo lake ndiko kunali luso lonse. Linkayenera kuchepa pang'ono poyerekeza ndi selo, kuti poyamwa selolo, khungu lake lakunja ling'ambike koma nyukiliyasi ya m'kati isavulale. Likakula kwambiri, selo limalowa lathunthu ndipo palibe chimene chichitike. Likachepa kwambiri, nyukiliyasi imaphwanyika. Zonsezi akuyang'ana pa maikulosikopu, dzira limodzi pambuyo pa linzake, dzanja lisanjenjemere.

Mu 1958, pamodzi ndi Fischberg ndi Tom Elsdale, anasindikiza mu magazini ya Nature kuti apeza achule akuluakulu kuchokera ku manyukiliyasi a miluza. Koma pepala limene tikulifuna lero ndi la 1962, limene linatuluka mu Journal of Embryology and Experimental Morphology, wolemba wake mmodzi yekha. Mazira 726 analandira nyukiliyasi yochokera m'matumbo a mbululu. Ambiri sanagawikane n'komwe. Ena anayamba bwino n'kupunduka panjira. Koma 10 anakula n'kukhala mbululu zabwinobwino, zosambira ndi kudya.

Ndibwereze manambalawo: 10 pa mazira 726. Munthu wamalonda atamva zimenezi anganene kuti bizinesi yagwa. Koma funso silinali lakuti zimatheka kangati. Funso linali lakuti kodi zimatheka n'komwe. Ngati nyukiliyasi imodzi yokha ya m'matumbo ingathe kupanga mbululu ya maso, mchira ndi mtima wogunda, ndiye kuti malangizo onse anali momwemo. Sanatayidwe.

Anthu sanavomereze msanga, ndipo kukayika kwawo kunali ndi nzeru. Kodi tikudziwa bwanji kuti DNA ya dzira lenilenilo inafadi? Mwina mbululuzo zinakula ndi malangizo a mayi wawo, osati a m'matumbo. Apa a Gurdon anathandizidwa ndi chinthu chimene chinapezeka mu labotale ya Fischberg. Panali achule ena amene m'nyukiliyasi ya selo lawo lililonse munali kadontho kamodzi m'malo mwa tiwiri. Akatenga nyukiliyasi kwa chule wa kadontho kamodzi n'kuiika m'dzira la chule wa timadontho tiwiri, ankangoyang'ana maselo a mbululu yobadwayo n'kuwerenga. Kadontho kamodzi, ndiye kuti yachokera ku nyukiliyasi yoikidwayo. Mu 1966 anasonyezanso kuti manyukiliyasi a m'matumbo angathe kupanga achule akuluakulu obereka. Pambuyo pake anajambulitsa chithunzi chimene chili m'mabuku ambiri a bayoloje: gulu la achule oyera achialubino, ofanana ndendende, onse otuluka m'mazira a chule wamkazi wakuda. Ngakhale zinali choncho, a Gurdon ankanena okha kuti panatenga pafupifupi zaka 10 kuti anzawo akhutire. Wophunzira wachinyamata akatsutsana ndi akuluakulu awiri odziwika, anthu amayamba aganiza kuti wolakwa ndi wophunzirayo.

(NYIMBO YAIFUPI)

WOULUTSA: Ngati mwangotsegula kumene wailesi yanu, tikukamba za John Gurdon ndi mmene ntchito ya wasayansi imayezedwera. Tsopano tibwere ku nkhani yowerenga.

Amene anayambitsa kuwerenga kumeneku ndi Eugene Garfield wa ku America. Mu 1955 analemba mu magazini ya Science kuti pakufunika kaundula wosonyeza pepala lililonse ndi mapepala onse amene alitchula. Anakhazikitsa bungwe lake ku Philadelphia, mzinda womwe uja wa Briggs ndi King, ndipo mu 1964 anayamba kutulutsa kaundulayo, Science Citation Index. Cholinga choyamba sichinali kupikisanitsa anthu. Chinali kuthandiza wofufuza kuti akapeza pepala lakale lomusangalatsa, adziwe amene apitiriza nkhaniyo kuchokera pamenepo. Koma chinthu chikangowerengeka, mabwana amachikonda. Masiku ano kaundula wa Garfield amatchedwa Web of Science, ndipo kuyambira mu 2004 kulinso Scopus ndi Google Scholar, kumene aliyense wokhala ndi intaneti angalembe dzina la wasayansi n'kuona manambala ake.

Mu 2005, Jorge Hirsch, katswiri wa fizikisi ku San Diego, anabweretsa nambala imodzi yophatikiza zonse ziwiri, kuchuluka kwa mapepala ndi kutchulidwa kwake. Imatchedwa h-index. Munthu akakhala ndi h-index ya 20, ndiye kuti ali ndi mapepala 20 amene lililonse latchulidwa kosachepera maulendo 20. Ubwino wake ndi woti simungaikweze pongolemba mapepala ambirimbiri amene palibe akuwawerenga. Koma tamvani kuipa kwake. Munthu amene walemba mapepala atatu okha moyo wake wonse, lililonse n'kutchulidwa maulendo 10,000, h-index yake ndi 3. Wina amene walemba mapepala 30 wamba, lililonse n'kutchulidwa maulendo 30, yake ndi 30. Pa fomu ya ofesi, wachiwiriyu waposa woyamba kakhumi.

Mu 2014 magazini ya Nature inapempha eni Web of Science kuti atulutse mapepala 100 otchulidwa kwambiri m'mbiri yonse ya sayansi. Kuti pepala lilowe pa mndandandawo linkafunika kutchulidwa maulendo oposa 12,000. Mukuganiza kuti loyamba linali la ndani? Einstein? Ayi. Linali la Oliver Lowry ndi anzake, la mu 1951, lofotokoza njira yoyezera kuchuluka kwa mapuloteni m'madzi a mu labotale. Linali litatchulidwa maulendo oposa 300,000. Lachiwiri ndi lachitatu analinso a njira zogwirira ntchito ndi mapuloteni. Pepala la James Watson ndi Francis Crick la mu 1953, limene linaulula kapangidwe ka DNA, silinalowe n'komwe pa 100 amenewo.

Chifukwa chake n'chosavuta. Aliyense woyeza mapuloteni ayenera kunena njira imene watsata, choncho amatchula Lowry, chaka ndi chaka, m'malabotale a dziko lonse. Koma zimene anapeza Watson ndi Crick zinalowa m'mabuku a sekondale, zinasanduka chinthu chodziwa aliyense, ndipo chinthu chodziwa aliyense palibe amene amavutika kutchula mwini wake. Pepala likapambana kotheratu, nthawi zina ndi pamene limasiya kutchulidwa.

Tibwerere kwa achule athu. Zimene a Gurdon anapeza zinakhala zaka zambiri ngati nkhani ya achule basi. Ambiri ankati pa nyama zoyamwitsa sizingatheke. Kenako pa 5 July 1996, ku Roslin Institute pafupi ndi Edinburgh ku Scotland, kunabadwa nkhosa yotchedwa Dolly. Ian Wilmut, Keith Campbell ndi anzawo anaipanga kuchokera ku selo la bere la nkhosa ya zaka 6, mwa njira yomwe ija yosamutsa nyukiliyasi. Anayesa mazira 277, n'kupeza nkhosa imodzi.

Ndiye kunabwera Shinya Yamanaka wa ku Japan, amene anabadwa mu 1962, chaka chomwe pepala la a Gurdon linatuluka. Poyamba anali dokotala wa mafupa, kenako anasiya zodula anthu n'kulowa kafukufuku. Maganizo ake anali awa: ngati dzira limatha kubweza nyukiliyasi yokhwima kuti ikhale ngati yatsopano, ndiye kuti muli zinthu zenizeni zimene zimagwira ntchitoyo, ndipo zingapezeke. Iye ndi Kazutoshi Takahashi, ku yunivesite ya Kyoto, anasankha majini 24 amene ankawaganizira. Atawalowetsa onse pamodzi m'maselo a mbewa, maselo ena anabwereradi ku ubwana, kukhala ngati a mluza amene angasanduke mtundu uliwonse. Kenako ankachotsa jini imodzi imodzi kuti aone ofunikadi ndi ati. Anatsala anayi: Oct3/4, Sox2, Klf4 ndi c-Myc. Popanda dzira, popanda kapaipi kagalasi. Pepala lawo linatuluka mu magazini ya Cell mu 2006, ndipo mu 2007 anachita zomwezo ndi maselo a khungu la munthu. Maselo otere amatchedwa iPS. Mu 2014, madokotala a ku Kobe anatenga khungu la mayi wina wa zaka za m'ma 70 wodwala maso, n'kupanga kuchokera pamenepo maselo a m'kati mwa diso, n'kumuika.

Pepala la Takahashi ndi Yamanaka la 2006 latchulidwa maulendo oposa 20,000. La a Gurdon la 1962 lili kutali kwambiri ndi nambala imeneyo, ngakhale linatsogola ndi zaka 44. Kodi ndiye kuti la 1962 ndi lochepa mphamvu? Komiti ya Nobel sinaganize choncho. Mu October 2012, patatha zaka 50 chitulukire pepala lija, inalengeza kuti mphoto ya zamankhwala ipita kwa awiriwa mofanana.

Kusiyana kwa manambalawo kuli ndi zifukwa zake, ndipo zambiri sizikukhudza ubwino wa ntchito. Mu 1962 ofufuza za kakulidwe ka miluza anali kagulu kochepa, ndipo odziwa kusamutsa nyukiliyasi ndi manja anali owerengeka. Mu 2006 ofufuza zamankhwala anali khamu, ndalama zinali zambiri, ndipo Yamanaka anawapatsa njira imene labotale iliyonse ya zipangizo zabwino ikanatha kuitsata. Pepala lake linali zonse ziwiri, chinthu chatsopano komanso chida. La a Gurdon linali yankho la funso, ndipo yankho ukalimva kamodzi sufunika kulibwereza tsiku lililonse.

Palinso china chimene ine chimandisangalatsa kwambiri. Mukatsegula pepala la 2006 lija, koyambirira kumene olemba akunena kuti selo lokhwima lingabwezedwe poika nyukiliyasi yake m'dzira, pepala limene akuloza pamenepo ndi la Wilmut la 1997, la Dolly. Si chipongwe. Yamanaka wakhala akunena poyera kuti ntchito yake inamangidwa pa ya a Gurdon. Kungoti olemba amakonda kutchula pepala laposachedwa ndi loyandikira nkhani yawo, pano la nyama yoyamwitsa. Kompyuta yowerenga imaona Wilmut walandira mfundo imodzi, ndipo siidziwa kuti kumbuyo kwa nkhosa kuli chule.

Musandimve molakwa, omvera. Sindikunena kuti manambalawa ndi achabe. A Gurdon sanali munthu wa pepala limodzi. Analemba mapepala mazana pa zaka zoposa 60, ndipo ambiri anatchulidwa kwambiri. Mwachitsanzo, mu 1971 iwo ndi anzawo anasonyeza kuti ukabaya uthenga wa majini a kalulu m'dzira losakhwima la Xenopus, dziralo limawerenga uthengawo n'kupanga puloteni ya magazi a kalulu. Njira imeneyi inasanduka chida cha malabotale ambiri, ngakhale a ofufuza za ubongo ndi mitsempha. Wofufuza amene wakhala zaka 20 osasindikiza kanthu, kapena amene mapepala ake onse palibe ndi mmodzi yemwe wawagwiritsa ntchito, manambala akutiuza zoona za iye, ndipo amene amalipira kafukufuku ali ndi ufulu wofunsa. Vuto limabwera pamene nambala yalowa m'malo mwa kuwerenga pepala lenilenilo.

Pajatu kompyuta siisiyanitsa kutamanda ndi kutsutsa. Mu January 2014, magazini ya Nature inasindikiza mapepala awiri ochokera ku bungwe la RIKEN ku Kobe, onena kuti maselo angabwezedwe ku ubwana pongowaviika m'madzi a asidi wofooka. Dziko lonse linagwedezeka, chifukwa njirayo inkaoneka yapafupi kuposa ya Yamanaka. Malabotale ena anayesa, analephera. Zithunzi zina zinapezeka kuti zinali zosokonezedwa, ndipo mu July chaka chomwecho mapepalawo anachotsedwa. Koma aliyense amene analemba kuti zimenezi ndayesa sizikutheka, anayenera kuwatchula, ndipo kutchula kulikonse kunawonjezera nambala.

Ndipo nambala imatsata kumene kuli anthu ambiri. Wofufuza za khansa ali ndi anzake zikwizikwi omutchula. Wofufuza za matenda a mbewu imene imalimidwa m'maiko ochepa, kapena za nsomba ya m'nyanja imodzi, ngakhale ntchito yake ikhale yakuya bwanji, omutchula ndi ochepa chifukwa ogwira ntchito yomweyo ndi ochepa. Aphunzitsi a m'mayunivesite athu akuidziwa bwino nkhani imeneyi. Kuyerekeza h-index ya anthu awiri a nthambi zosiyana, kapena ya wachinyamata ndi ya munthu wopuma pantchito, n'kulakwitsa masamu kumene.

Amene anayamba kudandaula mokweza ndi akatswiri a maselo omwewa. Mu December 2012, miyezi iwiri chilengezedwere mphoto ya a Gurdon ndi Yamanaka, pa msonkhano wapachaka wa American Society for Cell Biology ku San Francisco, gulu la akonzi ndi osindikiza magazini a sayansi linalemba chikalata chimene chimadziwika kuti DORA. Chimene ankalimbana nacho makamaka ndi nambala ina, yochokeranso kwa Garfield, yotchedwa impact factor. Iyi siyeza munthu kapena pepala. Imayeza magazini: mapepala amene inasindikiza zaka ziwiri zapitazo atchulidwa kangati chaka chino, pa avereji. Zaka ziwiri zokha. Makomiti olemba anthu ntchito anali atazolowera kungoyang'ana dzina la magazini ndi nambala yake, n'kugamula za munthu osatsegula ngakhale tsamba limodzi la zimene walemba. DORA inati zimenezi zithe: pepala liyezedwe ndi zimene zili m'kati mwake. Mayunivesite ndi mabungwe ambiri a m'maiko osiyanasiyana anasaina. Kusaina n'kosavuta. Komiti imene ili ndi mafomu 200 ndi sabata imodzi yokha imakopekabe ndi nambala, chifukwa kuwerenga mapepala kumadya nthawi ndipo kumafuna munthu woidziwa nkhaniyo. Tangoganizani pepala la 1962 lija litayezedwa ndi muyeso wa zaka ziwiri, pamene eni nthambi anatenga zaka 10 kuti alikhulupirire.

A Gurdon anachoka ku Oxford kupita ku Cambridge kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970. Kumeneko anathandiza kukhazikitsa malo ofufuzira za maselo ndi khansa, amene mu 2004 anapatsidwa dzina lawo, Gurdon Institute. Atalandira mphoto ya Nobel ali ndi zaka 79 sanapume. Anapitiriza kukhala pa maikulosikopu n'kumabaya okha mazira a Xenopus mpaka ali ndi zaka za m'ma 80. Ndipo funso limene linawatangwanitsa m'zaka zimenezo silinali la mbululu 10 zija, koma la mazira enawo amene analephera. Ena analephera chifukwa chovulala ndi kapaipi, zimenezo n'zodziwika. Koma ena ankayamba bwino n'kuima panjira. Chinkawaimitsa n'chiyani? Iwo ndi ophunzira awo anapeza kuti nyukiliyasi imakumbukira kumene yachokera. Yotengedwa m'selo la mnofu, ngakhale yaikidwa m'dzira, nthawi zina imapitiriza kuyatsa majini a mnofu m'mbali za mluza zimene sizikuyenera kukhala mnofu. Kukumbukira kumeneku kumasungidwa ndi tizizindikiro ta makemikolo tomatirira pa mapuloteni amene DNA imakulungidwapo. Mu 2017 gulu lawo linasonyeza kuti ukafufuta kena mwa tizizindikiroti usanasamutse nyukiliyasi, miluza yambiri imakula bwino kuposa kale. Ofufuza a maselo a iPS akulimbana ndi vuto lofananalo, chifukwa selo limene likukumbukirabe kuti linali khungu silingadaliridwe kuti likagwire ntchito mu mtima wa wodwala.

Sir John Gurdon anamwalira pa 7 October 2025 ali ndi zaka 92.

Nthawi yathu yathera pamenepa.  

(NYIMBO YOTSEKERA)